Chitsulo cha pa Mono

Lolemba, 8 Okutobala 1917

Kutentha koopsa. Pensulo ikuterera m'zala.

Pochokera kusukulu ndapeza mlendo pabwalo pathu. Ndi mmodzi wa anthu othawa nkhondo ya kwa Apwitikizi, aja amanga misasa m'mbali mwa dambo la Ndindi. Munthu wowonda, mapazi okulunga nsanza, kamwana kakamuna kali pamwendo. Akuti dzina lake ndi Lorenso, kamwanako ndi Ignasio. Amayi anali chiimire pakhomo, lichero lili m'manja, osapeta, osalitula.

Iye anawaitana Amayi ndi dzina lina limene sindinalimvepo. Sindililemba pano. Ndinaona mmene nkhope yawo inachitira.

Mlongo wanga Esinala anabwera ndi madzi akumwa, n'kugwada monga achitira kwa mlendo aliyense. Munthuyo anamwa, anati takhuta, ndiye zikomo yakwawo, kenako anamuyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa Amayi m'Chisena kuti, "Uyu ndiye woyamba?"

Atapita ndinafunsa kuti ameneyu ndani. Amayi anati ndikatsekere nkhuku. Dzuwa linali likadali pamwamba.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Sindinapite kusukulu. Amayi anati tikathirire kudimba, koma titafika sanagwire n'komwe mtsuko. Anakhala pamzere wa mbatata n'kuyamba kulankhula, maso ali kumtsinje. Ndilemba monga ndamvera.

Ali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka, amalume awo anafuna mfuti yophera mvuu. Anawoloka nawo mpaka kwa mlenje wina wa njovu kutsidya kwa Apwitikizi, amene anali bambo ake a Lorenso. Anabwereka mfuti ya gogodela, n'kusiya Amayi ngati chikole. Pangano linali lakuti mfuti ikabwerera, mwana abwerera kwawo. Mfuti sinabwerere. Amayi anakulira komweko, akusinja, akutunga madzi, Lorenso ali khanda kumsana kwawo. Atakula anathawa pa bwato la ogula nsomba. Palibe anawalondola, chifukwa kuno kunali kutabwera Angelezi.

Tsopano mudzi wa Lorenso anautentha, mkazi wake anafera panjira. Wakumana ndi Amayi mwangozi pachitsime, n'kuwazindikira. Mawu ake ndi awa: mfuti ya bambo ake ibwerere, apo ayi atenga Esinala, pakuti mwana wa chikole ndi wa mwini mfuti. Akufuna amukwatire kuti amulelere Ignasio. Akuluakulu a mbali zonse adzakhala pansi Lachitatu la sabata yamawa, chifukwa m'mawa mwake othawawo anyamuka kupita kumtunda kwa Maseya kumene awapatsa malo olima.

Ine ndinati zimenezi Boma linaletsa kalekale, tipite ku Port Herald tikanene.

"Ukanene kuti chiyani? Kuti pakhomo pathu panali mfuti imene sitinapereke chaka chija asikari ankasecha m'madenga?"

Ndinati nanga akuluakulu a mpingo?

"Edmund, ana anga awiri ali kumanda. Ukuganiza anawatenga ndani? Mlenje uja anafa akudikira mfuti yake. Mlandu suwola."

Bambo akanakhalapo. Chipitireni ku mtengatenga chaka chatha, kukasenza katundu wa nkhondo, ngakhale uthenga wapakamwa ayi.

Mfutiyo akuti inaphulika mpope ine ndisanabadwe, mtengo wake chinadya chiswe. Ngati pali chotsala, akudziwa ndi amalume Paulo, mchimwene wawo wa Amayi.

Esinala sanauzidwe kanthu koma akudziwa. Wasinja mapira ngati akupha njoka mumtondo.

Lachitatu, 10 Okutobala

Ngati izi zachepa, wafika mesenjala wa Boma, a Simoni, ndi asikari awiri, kudzagwira amuna ena a mtengatenga. Amanga msasa pabwalo la amfumu. Amuna onse amphamvu alowa m'bango, amalume Paulo patsogolo. A Simoni akuti sachoka mpaka chingwe chawo chidzaze.

Masana Amayi anandituma ndi chakudya. Ndinapalasa ngati ndikukaona mono wathu, kenako ndinakhota kulowa m'gumbwa. Ndinawapeza amalume atakhala m'bwato, nkhope yotupa ndi udzudzu. Anadya osasamba m'manja. Nditafunsa za mfuti anayang'ana uku ndi uku.

"Iwe umachikoka tsiku ndi tsiku, mphwanga."

Kani ndi chitsulo chija chimene chimamiza mono wathu! Ine nthawi yonseyi ndimayesa chidutswa cha khasu. Akuti chinkakhala kudenga, chakuda ndi mwaye, mpaka chaka cha chipolowe cha ku Chiradzulu, pamene Boma linalengeza kuti wopezeka ndi mfuti, ngakhale chiwalo chake chokha, apita kundende. Kutaya anaopa, poti n'cha eni. Ndiye anachimangirira ku mono.

Ndinati atuluke adzayankhe mlandu, mbumba ndi yawo.

"Nditulukire a Simoni? Ndikafere kwa Jeremani ngati..." Anasiyira pomwepo. Ndikudziwa amene amati atchule. Kenako anati, "Iwe umapita kusukulu. Ukalankhule ndiwe."

Ndinawasiyira mbale, osatsazika.

Lachinayi, 11 Okutobala

Ndachivuula m'mawa. Kukula kwake ngati chikhatho changa ndi zala zomwe. Chofiira ndi dzimbiri, tinkhono tamamatira ponseponse. Mbali imodzi pali kamutu kopindika ngati khosi la kakowa, ndipo patsogolo pake pali kachitseko kotsekeka. Palibe chimene chikugwedezeka.

Ndinachikulunga m'masamba a nthochi, n'kuchiika pansi pa nsomba m'dengu. Njira ya kwa a Maliko, osula zitsulo, imadutsa pabwalo la amfumu. Msikari mmodzi anandiimitsa, anapisa dzanja m'dengu, n'kutulutsa mlamba waukulu. Sanapemphe. Anati ndidzabwerenso mawa ndi wina. Miyendo yanga inafika kuchipala yokha, ine sindikudziwa mmene ndinayendera.

A Maliko mtengatenga sawafuna, ndi okalamba ndipo diso limodzi linapsa ndi moto. Anachiyesa kulemera m'dzanja, anachinunkhiza, anachigogoda ndi kanyundo n'kuchiika kukhutu. Kenako anatuma mdzukulu wawo wa pamvukuto kuti akatunge madzi, chonsecho mtsuko unali wodzaza.

"Ukufuna ndikuuze mtengo wake monga chitsulo, kapena monga chinthu china chija?"

Ndinati zonse ziwiri.

"Monga chitsulo, mutuluka mbedza ziwiri. Ngakhale nkhuku ya chitopa munthu sangakupatse."

Anachitembenuza n'kukanda kuseri kwake ndi chikhadabo, pamene pali kachitsulo kopyapyala kopindika pawiri.

"Monga chinthu china chija, tamvera. Mpope ndingaupeze, anthu a njanji amataya. Mtengo asema aliyense wodziwa kusema mpini. Koma ichi palibe angasule m'chigwa muno, ngakhale agogo anga amene ankasungunula miyala. Mfuti ndi ichi, zinazo n'zovala zake. Ndipo kopindika aka ndiye mtima wake. Kakakhala kamoyo kakankha mutuwu, mutu umenyetsa mwala pa kachitsekoka, moto utuluka. Pamenepo ine ndinganene pamaso pa wina aliyense kuti mfuti yabwerera. Kakakhala kofa, wabweretsa mbedza ziwiri."

Ndinafunsa ngati kali moyo.

"Ine ndine wosula, woombeza ali kwina. Dzimbiri lichoke kaye."

Akuti ndichiviike m'madzi a bwemba, ndizichitsuka ndi phulusa, kenako ndizidonthezera mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Koma osakakamiza. "Ukakoka ndi mphamvu kathyoka, ndipo mlongo wako wamupereka ndiwe." Potuluka anati, "Ndipo iwe unabwera kudzanoletsa mpeni. Wamva?"

Panjira m'pamene ndaona mmene zatizingira. Chikapezeka chakufa, Esinala apita. Chikapezeka chamoyo ndiye kuti ndi mfuti, ndipo a Simoni ali pabwalo la amfumu.

Lachisanu, 12 Okutobala

Chili m'phale kudimba, pansi pa masamba a maungu. Bwemba ndathyola mumtengo wa kumanda akale kumene ana safika.

Kusukulu aphunzitsi a Maclean anafunsa chifukwa chake manja anga afiira. Ndinati ndimakumba katondo wozira nyumba. Anandiyang'ana, sanafunsenso. Masiku ano aphunzitsi safuna kudziwa zambiri.

Madzulo ndikutsuka, Esinala anatulukira kumbuyo kwanga. Sindinamumve. Anaima manja ali m'chiuno.

"Ndiye mtengo wanga umenewu?"

Ndinapitiriza kutsuka.

"Ine ndimayesa ndine wa mbuzi ndi nsalu. Kani ndine wa chomizira mono." Anaseka, koma kuseka kwake sikunandisangalatse. Anagwada n'kuchikhudza ndi chala chimodzi. "Utsuke bwino iwe. Usatsuke ngati mmene umatsukira mapazi akowo."

Ndinati zikavuta ndimuthawitsa pabwato kupita ku Chiromo. Anati nanga Amayi atsale ndi mzimu wa mlenje? Kenako ananena motsitsa mawu, "Koma kwa Maseya sindikafika ine. Njira yonse imatsata mtsinje."

Ndinamuuza kuti asalankhule zopusa. Anandiponyera dothi n'kuchoka.

Loweruka, 13 Okutobala

Madzi a bwemba afiira ngati magazi a mbuzi. Ndasintha ena. Mutu uja sukugwedezeka.

Lamulungu, 14 Okutobala

M'tchalitchi munali amayi ndi nkhalamba zokha. Nyimbo zinalibe mawu aakulu.

Masana ndinakumana ndi Lorenso (ndizimulemba L.) kudooko. Ndikanabwerera koma anali atandiona kale. Ankasambitsa Ignasio, amene ali ndi zilonda m'mutu ndipo mimba yatupa. Akudya nyika zokha anthu aja, mizu yokumba m'dambo. Anandiitana kuti mlamu. Amawatchula Amayi kuti Mana, monga amaitanira mlongo wamkulu kwawoko.

"Mana ankanditafunira misale n'kundilavulira m'kamwa. Ukuganiza ndaiwala? Sindine chilombo ine. Koma taona mwanayu. Ndimuphikire ndine, ndilime ndine, ndimange nyumba ndine?"

Ndinafunsa kuti mfuti ya bambo akewo angaizindikire bwanji patapita zaka zonsezi. Maso ake anawala. Akuti iye sanaionepo ndi maso, koma anakula akuimva. Pachitsulo cha m'mbali bambo ake anadula mizere itatu ndi mtanda, monga mphini za pamphumi pawo. Akuti mfuti zawo sizinkakhudza pansi. Zinkagona pamphasa, ndipo munthu akailumpha ndi phazi ankalipira tambala. Zonse za bambo ake zinapsa ndi mudzi, ngakhale manda awo anawasiya osasesa.

Ndinafunsa kuti nanga itabwerera aisunga kuti, poti pamalire anawauza kuti wothawa wopezeka ndi mfuti abwezedwa kwa Apwitikizi. Iye mwini anaona zimene asipai, asikari a Apwitikizi, amachita ndi obwezedwa. Anaseka pang'ono.

"Nkhabe, mlamu, ayi. Mfuti palibe. Ndikudziwa kuti inatha kalekale. Muuze mlongo wako kuti sindimenya mkazi."

Ndikanakonda akanakhala munthu woipa. Zikanaphweka.

Lolemba, 15 Okutobala

Mizere itatu ndi mtanda. Zaoneka m'mawa uno phulusa litachotsa dzimbiri la pamwamba. Palinso chithunzi cha chisoti cha mfumu ya Azungu, chofufutika. Kachitseko katseguka ndi mafuta a nsatsi. Mutu ayi.

A Simoni anabwera kusukulu. Agwira amuna ena m'bango koma chingwe sichinadzaze, ndiye akuyang'ana anyamata akuluakulu. Anatiimika pamzere padzuwa. Anandifinya mkono, anatembenuza manja anga n'kuyang'ana zikhadabo.

"Uyu wophunzira kapena woumba miphika? Ndipo akununkha nsatsi ngati namwali wa pachinamwali."

Anzanga anaseka. Aphunzitsi anati ndine wamng'ono, ndangotalika chabe, ndipo bambo anga ali kale kunkhondo. A Simoni anati aona. Akuti akhala mpaka Lachinayi.

Lachinayi! Mlandu ndi Lachitatu.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Ndinadonthezera mafuta ndi nthenga, n'kukankha mutu ndi chala chachikulu pang'onopang'ono monga anandiuzira. Unasuntha. Ndinamva kakuti the! m'kati. Ndinachisiya pomwepo n'kuthamangira kuchipala.

A Maliko anabwera kudimba ngati odzagula mbatata. Amayi analipo. A Maliko anachitenga, anachiyandikitsa ku diso lawo labwino, anachitembenuzira kudzuwa nthawi yaitali. Anakoka mutu mpaka kumbuyo, unaima wokha. Anaubweza pang'onopang'ono atautchinjiriza ndi chala, osaulola kumenya.

"Kali moyo. Koma taona apa."

Pa kachitsulo kopindika pali mng'alu wowonda ngati tsitsi.

"Kamenya kamodzi, mwina kawiri, kenako katha. Usayese. Kuyesa kwake ndi pamlandu pomwepo."

Kenako anati iwo pamlandupo sabwera. A Simoni akadalipo, ndipo wosula amene wadzutsa mfuti mlandu wake uposa wa mwini mfuti. Amayi anagwada m'matope, anawagwira mapazi. A Maliko anati, "Dzukani mayi, mukundichititsa manyazi pamaso pa mwana." Amayi osadzuka.

Avomera, koma ayika zawo. Mlandu ukhale kumisasa, kutali ndi bwalo la amfumu. Anthu akhale ochepa. Moto ukatuluka aliyense atseke pakamwa, mwini atole chinthu chake, tibalalike. Mwala wa moto abweretsa okha.

Ndapita m'gumbwa kukawauza amalume. Bwato lawo palibe. Asuntha osatiuza.

Esinala wachapa nsalu zake zonse ziwiri n'kuzipinda. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Zinada basi. Nawenso ufuna mlandu?"

Lachitatu, 17 Okutobala

Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindikhulupirira kuti ndidzaiwala.

Tinakhala pansi pa mtondo kumisasa, dzuwa litapendeka. Kwathu kunali nkhalamba ziwiri za m'mudzi, Amayi, Esinala, ine, ndi a Molly, msuweni wa Amayi. Kwawo kunali L. ndi akuluakulu awo. Tinati anthu ochepa, koma kumisasa kulibe mpanda. Amayi ena anangodzikhalira chapatali, makanda ali kumabere.

Mkulu wa kwawo anafotokoza mwambo. Chinthu chiikidwe pamphasa pakati. Mwini akachitola ndi manja awiri, mlandu watha, chikole chamasuka. Asanachitole, chikadali m'manja mwa obwereka.

Anafunsa mwini mbumba. Ndinaimirira ine. Ena anaseka. Ndinamasula masamba a nthochi n'kuchiika pamphasa.

L. anachiyang'ana ali patali. "Ichi? Baba anapereka mfuti yathunthu, yotalika kufika paphewa. Mukundibwezera chotsekulira mtedza?"

Anthu ake anaseka. Mkulu wathu anati tinagwirizana kuti mawu a wosula ndiwo adule. A Maliko ananena zomwe anandiuza zija, za mpope ndi mtengo ndi mtima, koma mawu awo anali otsika, maso ali kunjira. Kenako anamuitana L. kuti ayandikire, n'kumulozera mizere itatu ndi mtanda. L. anasiya kuseka. Anagwada m'mbali mwa mphasa, manja ali kumbuyo ngati akuopa kuti angachikhudze okha.

Mkulu wa kwawo anati chizindikiro n'choona, koma mfuti yakufa si mfuti. Moto uoneke.

A Maliko anamanga mwala pakamwa pa mutu uja ndi kachikopa. Anaika kathonje kouma pansi pa kachitseko. Anakoka mutu. Ine ndinayang'ana Esinala. Iye anayang'ana kumtsinje.

Khwa!

Tinthethe ta moto tinagwera pathonje. Kautsi kanakwera, kowonda, kowongoka.

Tonse tinakhala chete monga tinapangana, kupatula a Molly. Iwo chibadwireni mlandu wa pabanja ukawayendera bwino amaimba nthungululu, ndipo pakamwa panawatsegukira pokha. Amayi anawatseka pakamwa ndi dzanja koma zinali zitachitika. Amayi a kumisasa, osadziwa pangano, analandira. Nthungululu inayenda dambo lonse.

A Maliko anaponya chitsulo pamphasa n'kunena kuti, "Tola msanga, bambo iwe!" L. sanatole. Anali chigwadire, akuyang'ana mizere ija, milomo ikuyenda. Sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankaganiza za Ignasio. Tikadali pomwepo a Simoni anatulukira ndi asikari, akuthamanga, chingwe chili m'manja. Anayesa kuli mowa ndipo amuna atuluka m'bango.

Anaona mphasa. Anaona mwala uli pakamwa pa mutu, ndi thonje likufuka. Anachikankha ndi phazi, chinagwera m'fumbi, n'kuchiponda.

"Cha yani?"

A Simoni anakweza mawu.

"Ndafunsa. Ngati n'cha m'mudzi muno, mwini wake akagona kundende. Ngati n'cha alendo athuwa, mwini wake awoloka kubwerera kumene anachokera. Cha yani?"

Anazungulira maso, anafika pa ine. "Manja aja ndinawaona Lolemba. Woumba miphika, tabwera kuno."

Mwa mwambo chinali chikadali chathu. Aliyense pamenepo ankadziwa. L. akanangokhala chete, ine ndikanamangidwa, mlandu ukanatsala wosatha, ndipo mawa akanamutenga Esinala popanda womuletsa. Ndinayamba kudzuka. Esinala anandigwira malaya kumbuyo mpaka anang'ambika.

"Chotsani phazi."

Anali L. Sanakweze mawu. A Simoni anati, "Wati chiyani iwe?"

"Chotsani phazi lanu. Sichipondedwa chimenecho."

Sindikudziwa chifukwa chake, koma a Simoni anachotsa. L. anachitola ndi manja awiri, anauzira fumbi, anachipukuta ndi nsanza ya m'chiuno mwake. Anatembenukira kwa Amayi.

"Mana, ndi ya baba. Yabwerera."

Mkulu wa kwawo anaomba m'manja mofatsa, monga achitira potseka mlandu. Nkhalamba zathu zinalandira. Ankaomba misozi ili m'maso, asikari ali chiimire pomwepo.

A Simoni anafunsa, "Ukudziwa kumene ukupita?" L. anati akudziwa. Anamulanda chitsulo n'kuchiika m'thumba la mesenjala. Pochiponya ndinamva kakuti the! Mwina ndi mtima uja unathyoka. Anam'manga manja. A Maliko anati anangoitanidwa kudzaona ngati muli mbedza, ndipo a Simoni anawasiya, poti anali atapeza munthu wawo. Ine anandiloza ndi chala n'kuti, "Chaka chamawa udzakhala utakula."

Tabwerera kunyumba. A Molly akulira kuseri kwa nkhokwe, palibe wawatonthoza. Amayi akukazinga chimanga n'kusinja, kamba wa paulendo. Sananene kuti n'ngwa yani.

Lachinayi, 18 Okutobala

Anyamuka m'mawa, a Simoni patsogolo, amuna a mtengatenga pachingwe, L. kumapeto. Amalume Paulo mulibe. Anadutsa panjira ya kuseri kwathu. Amayi anam'mangirira kathumba ka ufa m'khosi, poti manja anali omangidwa. Anamuuza kanthu kukhutu, sindinamve. Aphunzitsi akuti mwina Bwana wa ku Boma akaona kuti n'chidutswa chabe amupatsa ndende yokha. Akuti mwina.

Anthu a kumisasa nawonso anali atasenza akatundu a ulendo wa kwa Maseya. Ignasio anamusiyira mayi wina wokalamba amene ali kale ndi adzukulu ake. Chingwe chitayamba kuyenda, mwanayo anapulumuka n'kuthamangira bambo ake, ali maliseche, akukuwa. Msikari anamubweza ndi ndodo. Anagwa, anadzuka, anathamanganso. Mayi uja anangoyang'ana, mtolo uli pamutu. L. sanacheuke.

Esinala anali pamtondo. Anasiya munsi, anadutsa pakati pa anthu, anamunyamula. Mwanayo anamuluma pamkono mpaka magazi. Sanamusiye. Anauza mayi uja kuti, "Pitani, mayi. Bambo ake akadzabwera adzamufune pano." Palibe anamutuma.

Sindinapite kusukulu. Ndikulemba ndili pakhonde. Kuseri akumusambitsa zilonda za m'mutu ndi madzi otentha. Mwanayo akukuwa m'Chisena, Esinala akumukalipira kuti akhale chete asanamumize mumphika. Tsopano akundiitana ine, akuti ndibwere ndi mafuta a nsatsi otsala aja, ndidzamugwire miyendo.